Kodi mng'alu uliwonse wa m'matanthwe ungabweretse chivomezi? Yankho kwa mphunzitsi wa ku Angónia

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia, amene ali m'komiti yomanga zipinda zatsopano zophunziriramo pa sukulu yawo. Akuti akuluakulu a kumeneko amakumbukirabe chivomezi cha mu 1989 chimene chinagwedeza dera lonse la kumalire ndi Dedza. Mlamu wawo, amene amagwira ntchito ku mgodi wa malasha ku Moatize, anawauza kuti pansi pa chigawo cha Tete pali ming'alu yosawerengeka, pamene ena a m'komitimo akulimbikira kunena kuti madamu ndi mabomba a kumigodi ndiwo amagwedeza dziko. Tsono akufunsa kuti: kodi akatswiri amauzindikira bwanji mng'alu umene ungabweretse chivomezi, amadziwa bwanji kukula kwa chivomezicho ndi nthawi imene chingabwere, nanga komiti yawo ichitepo chiyani?

Aphunzitsi, mlamu wanu sananame ayi. Munthu akaima pamwamba pa dzenje la mgodi ku Moatize n'kuyang'anitsitsa khoma lake, amaona mzere wakuda wa malasha ukuyenda chogona, kenaka n'kuduka mwadzidzidzi, n'kukapitirira mamita angapo m'munsi kapena pamwamba. Pamene mzerewo wadukirapo ndi pamene ife ofufuza za miyala timati pali mng'alu, ndipo sitikunena ming'alu ija imaoneka m'dambo likauma mu Okutobala, koma malo amene thanthwe lenilenilo linathyoka mpaka pansi patali, mbali imodzi n'kutsetsereka kusiya inzake. Malasha a ku Moatize anayalidwa zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, pamodzi ndi miyala imene imatchedwa Karoo, ndipo ming'alu yambiri imene imawadula inasuntha kalekale, Africa asanamalize n'komwe kupatukana ndi makontinenti anzake. Kumpoto kwa mzinda wa Tete kuli mzere wa miyala yopindikapindika wa Sanangoè umene ndi wakale kuposa pamenepo. Mapu a miyala a chigawo chathu ndi odzaza ndi mizere yotereyi, koma unyinji wake unaleka kusuntha. Ntchito yaikulu ya katswiri ndi kupeta, kuti pa ming'alu yambirimbiriyi apatule yowerengeka imene ikadali yamoyo, ndiko kuti imene mphamvu zimene zikukoka nthaka lero zingathe kuisunthanso.

Kuti zimene ndinene patsogolopa zimveke, tiyambe ndi mmene chivomezi chimabadwira. Ikani thumba la chimanga pa simenti, mulimange ndi mphira ija timamangira katundu pa njinga, ndipo muyambe kukoka pang'onopang'ono. Poyamba thumba silisuntha, mphira yokha ndiyo imatamuka. Mukapitiriza kukoka, imafika nthawi imene thumbalo limalumpha kamodzi n'kamodzi, mphira n'kukhwefuka, zonse n'kuyambiranso. Mbali ziwiri za mng'alu zimagwirana chimodzimodzi chifukwa cha kulemera kwa matanthwe amene ali pamwamba pake, pamene nthaka yozungulira ikupitiriza kukokedwa chaka ndi chaka. Matanthwewo amapindika pang'ono n'kumasunga mphamvuyo, mpaka tsiku limene pogwiranapo palephera, ndipo mtunda umene unayenera kuyendedwa m'zaka mazana kapena masauzande umayendedwa m'masekondi ochepa. Kulumpha kumeneko ndiko chivomezi. Katswiri wa ku America Harry Fielding Reid ndiye anafotokoza zimenezi momveka atafufuza chivomezi cha ku San Francisco cha mu 1906, ndipo mpaka lero kafukufuku yense wa ming'alu waima pa mfundo imeneyi.

Chimene chikukoka nthaka kwathu kuno ndi kung'ambika kwa kum'mawa kwa Africa, kumene kunayambira ku Ethiopia n'kutsika kudzera ku nyanja za Tanganyika ndi Rukwa. Nyanja ya Malawi, imene ku Mozambique timaitcha Niassa, yakhala m'chigwa chimene chinatitimira chifukwa cha kung'ambikaku, ndipo chigwacho chimapitirira ndi mtsinje wa Shire, n'kulambalala Mutarara, n'kukalowa m'chigwa cha Urema ku Gorongosa mpaka kukafika cha ku Machaze, m'chigawo cha Manica. Kumadzulo kwathu, ku Zumbo, kumathera chigwa cha Luangwa, chimenenso chimamveka zivomezi. Choncho chigawo cha Tete chakhala pakati, ndipo chigwa cha Zambezi chimene chimachidula pakati nachonso chinapangidwa ndi ming'alu ya nthawi ya Karoo. Zipangizo za GPS zokhomeredwa m'matanthwe zimaonetsa kuti kumwera kwa Malawi mbali ziwiri za chigwachi zikutalikirana ndi milimita imodzi kapena awiri okha pa chaka. Liwiro limeneli ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi la ku Japan kapena ku Chile, kumene nthaka imayenda masentimita angapo pa chaka, ndipo kuchedwa kumeneku ndiko kumene kumapangitsa ntchito yathu kukhala yovuta, monga muonere.

Anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amaganiza kuti njira yodziwira ming'alu yoopsa ndi kuyang'ana pamene makina ajambula zivomezi m'zaka zapitazi. Njira imeneyi imathandiza, koma payokha imanamiza. Makina oyezera zivomezi angokhalapo zaka zopitirira pang'ono 100 pa dziko lonse, m'chigawo chino cha Africa akhala ali ochepa ndi otalikirana, ndipo ku Mozambique zaka za nkhondo zinasiya mpata waukulu m'kaundula. Mng'alu umene umalumpha kamodzi pa zaka 5,000 ukhoza kukhala chete nthawi yonse imene makinawa akhalapo, ndiponso nthawi yonse imene mbiri ya makolo ingakumbukire, chikhalirecho uli pafupi kulumpha. Chitsanzo chili pakhomo pomwepa. Usiku wa pa 22 kulowa pa 23 February 2006, ku Machaze kunachitika chivomezi cha mphamvu ya 7.0 pa sikelo yoyezera zivomezi chimene chinamveka ku Beira, ku Maputo, ku Harare mpaka ku Johannesburg ndi ku Durban, ndipo chinapha anthu osachepera 4, chiwerengero chimene chinachepa chifukwa derali lili ndi anthu ochepa ndiponso nyumba zambiri zinali zopepuka. Nthaka inang'ambika pa mtunda wa makilomita osachepera 15, ndipo m'malo ena mbali imodzi inatsika pafupifupi mamita 2. Mng'alu umenewo sunali pa mapu monga gwero la chivomezi, chifukwa unakwiririka ndi mchenga wa m'chigwa chathyathyathya. Ku Karonga nako, mu December 2009, maso a akatswiri anali pa mng'alu waukulu wa Livingstone umene uli tsidya lina la nyanja, koma zivomezi zimene zinagwetsa nyumba, chachikulu chake cha mphamvu ya 6.0, zinachokera pa mng'alu wa St Mary umene unali usanalabadiridwe.

N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira umboni wolembedwa m'nthaka kuposa kaundula wa makina. Ming'alu ya m'dera lathu ndi ya mtundu umene mbali imodzi imatsika, inzake n'kutsala pamwamba, kotero chivomezi chachikulu chikang'amba nthaka chimasiya sitepe yaitali yowongoka. Sitepe yotchuka kwambiri ili pafupi ndi inu, kutsidya kwa malire: mng'alu wa Bilila-Mtakataka, umene umayenda makilomita pafupifupi 110 m'munsi mwa mapiri a Dedza ndi Ntcheu, ndipo m'malo ambiri sitepe yake imapitirira mamita 10. Mukaimirira m'tsinde mwake mumaona chikweza chofupika koma chozondoka chimene sichikhota monga gombe la mtsinje limachitira. Chimadula minda, timisewu ndi timitsinje mosasankha. Mukatsata kamtsinje kamene kakudutsa pamenepo mumapeza kuti kumtunda kwa sitepe kakumba khwawa lopapatiza lokhala ndi timathithi, pamene kumunsi kwake kamayala mchenga ndi miyala mwachisawawa, chifukwa madzi akuyesa kusalaza malo amene nthaka inawakweza. Kuno kumagwa mvula yamphamvu ndipo dothi limakokoloka msanga, choncho sitepe imene ikadali yozondoka chotero m'dothi lofewa siingakhale yakale kwambiri. Masiku ano masitepe otere timayamba kuwafunafuna pa kompyuta, pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti zoyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, monga za TanDEM-X, zimene zimaona kusiyana kwa malo otalikirana mamita pafupifupi 12.

Koma pano mpamene ofufuza opupuluma amagwera m'mbuna. Si chikweza chowongoka chilichonse chimene chinapangidwa ndi chivomezi chaposachedwa. M'chigwa cha Zambezi muli malo ambiri amene mng'alu wakufa unagundanitsa thanthwe lolimba, monga miyala yakuda yozungulira mzinda wa Tete, ndi miyala yofewa ya Karoo. Mvula ndi mitsinje zimadya yofewayo n'kusiya yolimba itaima ngati khoma, ndipo pa chithunzi cha setilaiti malowo amaoneka ngati mng'alu wamoyo. Chosiyanitsa ndi chakuti mng'alu wamoyo umadula ngakhale dothi ndi mchenga zimene mtsinje unayala posachedwapa, osati thanthwe lakale lokha, ndipo zimenezi sizitsimikizika popanda kupita pamalopo ndi mapazi.

Umboni wogwirika kuposa wonse umapezeka pokumba. Ofufuza amakumba ngalande yodutsa sitepe mopingasa, yakuya mamita awiri kapena atatu, amasalaza makoma ake ndi khasu ndi mpeni, amamanga zingwe zogawa khomalo m'timabokosi, ndipo amajambula mzere uliwonse wa dothi. Pa khoma lotero mumatha kuona dothi lakuda la pamwamba lakalekale litaduka n'kutsika, litakwiriridwa ndi mulu wa timiyala timene tinagumuka kuchokera pa sitepe chivomezi chitangochitika, ndipo pamwamba pa zonsezo pali mzere wina wa dothi umene sunaduke. Chivomezicho chinachitika pakati pa nthawi imene mzere wodukawo unayalidwa ndi nthawi imene wosadukawo unayalidwa. Kachidutswa ka makala kopezeka m'mizereyi kamapimidwa ndi njira ya radiocarbon, imene imawerenga zaka mpaka pafupifupi 50,000, ndipo pamene palibe makala pali njira ina yopima nthawi imene mchenga unaona dzuwa komaliza. Ngalande imodzi yokumbidwa pamalo oyenera ikhoza kuulula zivomezi ziwiri kapena zitatu zimene munthu aliyense sanazilembe. Ntchito imeneyi ndi yodula ndipo m'chigawo chino cha Africa yachitika pa ming'alu yochepa kwambiri. M'kuona kwanga, imeneyi ndiyo mbali imene ikuperewera kwambiri pa chidziwitso chathu.

Ming'alu yokwiririka imasakidwa ndi njira zina. Ndege zonyamula makina oyeza maginito a m'miyala zimaonetsa pamene matanthwe a pansi pa mchenga aduka. Makina oyezera zivomezi akaikidwa ambiri moyandikana amatola tizivomezi timene munthu sangatimve, ndipo tikandanda pa mzere umodzi timasonyeza pamene mng'alu wagona. Umu ndi mmene anachitira ofufuza a pulojekiti ya MOZART, amene anaika makina pafupifupi 30 m'chigawo chapakati cha Mozambique kuyambira mu 2011 mpaka 2013. Chivomezi chikachitika, njira ya InSAR imayerekeza zithunzi za setilaiti zojambulidwa chisanachitike ndi chitachitika, n'kuonetsa pamene nthaka yatsika ngakhale ndi masentimita ochepa.

Pali nkhani ina imene akatswiri amatsutsana, ndipo ikukhudza ife mwachindunji: kodi mng'alu uyenera kuti unasuntha liti komaliza kuti utchedwe wamoyo? Ku California lamulo lawo limayang'ana zaka pafupifupi 11,700 zapitazi, ndipo kumeneko n'zomveka chifukwa ming'alu yawo imathamanga. Muyeso womwewo ukabweretsedwa kuno ungasiye kunja ming'alu yambiri yoopsa imene imapuma nthawi yaitali kuposa pamenepo. Ofufuza a ku mayunivesite a Bristol ndi Cardiff pamodzi ndi a nthambi yoona za miyala ku Malawi, pamene ankasonkhanitsa ming'alu yamoyo ya dzikolo, anatambasula muyesowo n'kuwerengera ming'alu imene ili ndi umboni woti yasuntha m'nyengo ya kung'ambika kumene kukuchitika lero, kuphatikizapo yokwiririka imene yagona moyenerana ndi kumene nthaka ikukokedwera, ndipo anapeza ming'alu 113. Ine ndimagwirizana ndi kaganizidwe kameneka. Mng'alu wakale wa Karoo sufa chifukwa cha ukalamba. Ngati wagona mopingasa ndi kumene nthaka ikukokedwera lero, ndi pamene thanthwe lili lofooka kale, ndipo ukhoza kudzukanso.

Mng'alu ukatsimikizika kuti ndi wamoyo, funso lotsatira ndi kukula kwa chivomezi chimene ungabweretse, ndipo apa sayansi ili ndi poimira polimba. Kukula kwa chivomezi kumatengera kukula kwa malo amene atsetsereka, kutalika kwake ndi kuya kwake, pamodzi ndi mtunda umene atsetserekawo. Mu 1994 akatswiri awiri, Wells ndi Coppersmith, anasonkhanitsa zivomezi zambiri za pa dziko lonse n'kuonetsa mgwirizano umene timagwiritsabe ntchito: mng'alu ukang'ambika makilomita pafupifupi 10 umabweretsa chivomezi cha mphamvu ya 6 kapena kupitirira pang'ono, ukang'ambika makilomita 30 mpaka 40 chimayandikira 7, ndipo ukang'ambika makilomita 100 chimafika 7.5. Musapeputse kusiyana kwa manambalawa, chifukwa kukwera ndi 1 pa sikelo imeneyi kumatanthauza mphamvu yochuluka pafupifupi maulendo 32, kotero cha 7 ndi chachikulu pafupifupi maulendo 1,000 kuposa cha 5. Dera lathu lili ndi chodabwitsa china: matanthwe ake ndi akale, ozizira ndi olimba, moti zivomezi zimabadwira mpaka makilomita 30 kapena kuposerapo pansi, pamene m'madera ambiri a dziko zimalekezera pa makilomita 15. Chivomezi cha pa 10 March 1989 chimene akuluakulu anu akukumbukira, chimene chinachokera cha ku Salima ndi mphamvu yopitirira pang'ono 6, n'kupha anthu 9 ndi kusiya anthu pafupifupi 50,000 opanda pokhala, chinabadwira pafupifupi makilomita 30 pansi ndipo sichinang'ambe nthaka pamwamba. Kuya kumeneku kumapatsa ming'alu yathu malo aakulu otsetsereka, n'chifukwa chake akatswiri ena awiri, Jackson ndi Blenkinsop, analemba mu 1997 kuti mng'alu wa Bilila-Mtakataka utang'ambika wonse nthawi imodzi ungabweretse chivomezi chofika pafupifupi 8. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti mng'aluwu uli m'zigawo zingapo, ndipo chigawo chilichonse chikhoza kulumpha pachokha n'kubweretsa chivomezi chocheperapo koma chobwera kawirikawiri. Katswiri wosamala sasankha chimodzi mwa ziwirizi. Amawerengera zonse, chilichonse n'kuchipatsa mulingo wake.

Za nthawi, ndiyankhe mosapita m'mbali: palibe munthu, makina kapena bungwe limene lingakuuzeni tsiku, mwezi kapena chaka chimene chivomezi chidzabwere, ndipo uthenga uliwonse wa pa WhatsApp wotchula tsiku ndi wabodza. Chimene timatha kuwerengera ndi kutalika kwa nthawi imene mng'alu umapuma, mongoyerekeza. Milimita imodzi kapena awiri aja, amene mbali za chigwa zimatalikirana pa chaka, amagawanidwa pakati pa ming'alu ingapo yogona moyandikana m'chigwa, yaikulu ya m'mphepete n'kutenga gawo lalikulu. Mwachitsanzo, mng'alu umene gawo lake ndi mamilimita 0.2 pa chaka, ndipo umalumpha mita imodzi pa chivomezi, umafuna zaka 5,000 kuti usonkhanitse mita imeneyo. Nambala imeneyi ikhoza kumugoneka munthu tulo, koma muiwerenge bwino. Pa zaka 50 zimene chipinda chophunziriramo chiyenera kuima, mpata woti mng'alu umodzi wotero ulumphe ndi pafupifupi 1 pa 100. Ngati ming'alu yotero yokhoza kugwedeza malo anu ilipo 10, mpatawo wayandikira 10 pa 100. Ndiponso zaka 5,000 zimenezo si kalendala, chifukwa mng'alu ukhoza kulumpha kawiri motsatizana kenaka n'kukhala chete nthawi yaitali.

Kugwedezeka kumene kungafike pa sukulu yanu kumatengeranso mtunda, mbali imene mng'alu wapendekera, ndi nthaka imene mwamangapo. Chitunda cha Angónia ndi Tsangano chili ku mbali yokwezeka ya ming'alu ya Chirobwe-Ntcheu ndi Bilila-Mtakataka, imene imapendekera kum'mawa, kulowa pansi pa chigwa cha ku Malawi. Zimenezi zimakuthandizani pang'ono, chifukwa amene ali pamwamba pa mbali yotsika amagwedezeka kwambiri, koma mtunda wochokera ku Ulongué kukafika pa ming'aluyi ndi makilomita makumi angapo okha, ndipo chivomezi cha 7 pa mtunda wotero chimagwetsa makoma omangidwa ndi dothi. Matanthwe olimba a kuno amatumizanso kugwedezeka kutali osakuchepetsa msanga, monga cha ku Machaze chinaonetsera. Anzathu a ku Zóbuè ayandikana ndi mng'alu wa Mwanza, pamene a ku Mutarara ali m'chigwa chenichenicho, kumwera kwa mng'alu wa Thyolo, ndipo pa 8 March 2018 chivomezi cha mphamvu ya pafupifupi 5.5 chinagwedeza dera la kumalire kufupi ndi Nsanje. Kumeneko kuli vuto lowonjezera la mchenga wodzaza madzi wa m'mphepete mwa Zambezi ndi Shire, umene ukagwedezeka kwambiri umasungunuka n'kuleka kunyamula maziko. Ku Machaze mchenga ndi madzi zinatumphuka kuchokera m'nthaka mwa njira imeneyi.

Zonsezi zimaphatikizidwa m'mapu a ngozi ya zivomezi, motsatira njira imene katswiri wina dzina lake Cornell anakhazikitsa mu 1968. Mapu ogwiritsidwa ntchito pomanga nyumba wamba amaonetsa kugwedezeka kumene kuli ndi mpata wa 10 pa 100 woti kupitiriridwe m'zaka 50, kumene kumafanana ndi kamodzi pa zaka 475. Mapu abwino amawerengera ming'alu yodziwika, komanso amasiya gawo la zivomezi zochokera pa ming'alu yosadziwika, chifukwa cha zimene zinachitika ku Machaze, ku Karonga ndi pakati pa Botswana, kumene pa 3 April 2017 kunachitika chivomezi cha 6.5 pansi pa mchenga wa Kalahari. Mukaona mapu amene mizere ya ming'alu yamoyo yachuluka ku Malawi n'kuchepa mukangodutsa malire kulowa ku Tete, musathamangire kunena kuti kwathu kuli bwino. Nthawi zambiri zimenezo zimangoonetsa pamene kafukufuku analekezera.

Za madamu ndi migodi, a m'komiti yanu ali ndi kachidutswa ka choonadi. Nyanja yaikulu yochita kupanga imalemetsa nthaka ndipo madzi ake amalowerera m'ming'alu n'kuchepetsa kugwirana kwake. Nyanja ya Kariba itadzaza, mu September 1963 kunachitika chivomezi cha mphamvu yopitirira pang'ono 6, ndipo ku Koyna, ku India, cha mu 1967 chinapha anthu pafupifupi 180. Koma damu silipanga mphamvu ya chivomezi. Limangofulumizitsa kulumpha kwa mng'alu umene unali utasonkhanitsa kale mphamvuyo, ndipo zimenezi zimachitika pafupi ndi nyanjayo, makamaka m'zaka zoyamba itadzazidwa. Damu la Cahora Bassa, lotalika mamita 171, linatsekedwa mu 1974 ndipo lili kutali kwambiri ndi Angónia moti silingakhale gwero la zivomezi za kwanuko. Pa damu la Mphanda Nkuwa, limene akufuna kumanga makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, akatswiri ena anachenjeza za mng'alu wa Estima, wa m'dera la Chitima, kuti ungakhale wamoyo. Funso lotero liyenera kuyankhidwa ndi ngalande, makina ndi zaka zopimidwa, ndipo zotsatira zake ziikidwe poyera, chifukwa madamu aakulu amayesedwa ndi kugwedezeka kobwera kamodzi pa zaka pafupifupi 10,000, osati 475. Mabomba a kumigodi ya ku Moatize amanjenjemeretsa nyumba zoyandikana nawo, ndipo madandaulo a anthu a kumeneko ndi nkhani yoyenera kumvedwa payokha, koma mphamvu yake ndi yaing'ono ndipo imathera pamwamba. Pa makina amasiyana ndi chivomezi m'maonekedwe a mafunde ake, ndiponso amachitika masana pa maola odziwika.

Tsono komiti yanu siyenera kudikira mapu angwiro. Mpata woti mng'alu wamoyo ukudutsa pansi penipeni pa bwalo la sukulu yanu ndi wochepa. Choopsa chenicheni ndi kugwedezeka kochokera patali kukapeza khoma lofooka. Ku Salima ndi ku Karonga nyumba zinagwa mofanana: ngodya zinapatukana chifukwa njerwa sizinalumikizane, makoma aatali opanda chochirikiza anagwera kunja, ndipo khoma losongoka la kumutu kwa nyumba, lija limatseka denga, linagwa loyamba chifukwa ndi lalitali, lolemera ndipo palibe chimene chaligwira pamwamba. Chipinda chophunziriramo chili ndi zofooka zonsezi pamodzi, popeza ndi chachikulu, chili ndi mawindo ambiri ndipo mkati mulibe makoma ogawa. Sankhani malo a nthaka yolimba, kupewa dambo, dothi lochita kuthira ndi m'mphepete mwa phompho. Mangani ndi njerwa zowotcha bwino kapena mabuloko ndi matope a simenti, osati dothi, ndipo muonetsetse kuti pa ngodya iliyonse njerwa zalukana mzere ndi mzere. Ikani mizati ya konkire yokhala ndi zitsulo m'ngodya ndi m'kati mwa makoma aatali, ndipo pamwamba pa mawindo ndi zitseko pazungulire mkombero umodzi wa konkire ndi zitsulo wosaduka paliponse, umene zitsulo zake zapindidwa n'kulowerana m'ngodya. Amisiri ena amakonda kuika kachidutswa pamwamba pa windo lililonse kuti apulumutse simenti, ndipo pamenepo musalole. Mitengo ya denga imangiriridwe ku mkomberowo, khoma la kumutu likhale lopepuka kapena limangidwe ndi mkombero wakewake, ndipo zitseko zitsegukire kunja kuti ana asapanikizane.

Musanayambe kukumba maziko, pitani ku ofesi ya boma yoona za mapulani ndi zomangamanga, SDPI, mukapemphe mapulani a sukulu zolimba amene unduna wa zamaphunziro unakonza mothandizana ndi UN-Habitat, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za malo okhala, pa ntchito ya Escolas Seguras, ndipo mupemphe kuti injiniya adzaone zitsulo konkire asanathiridwe, chifukwa akathira palibenso amene angaone zimene zili mkati. Bungwe la INAMI ndilo limayang'anira makina oyezera zivomezi m'dziko muno, ndipo INGD ndilo limaona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Chivomezi chikamveka kwanuko, lembani tsiku, ola, kutalika kwa nthawi imene chinatenga ndi zimene zinagwa kapena kung'ambika, mujambule ming'alu ya m'makoma mutaika rula pambali pake, ndipo mutumize zimenezo kudzera ku boma. Ngati alimi a m'dera lanu akudziwa chikweza chowongoka chimene chimadula minda ndi timitsinje kwa makilomita angapo, lembaninso malo ake m'kalata yomweyo.